Msika wa M'mbali mwa Msewu Walowa M'foni

    

Nkhani ya lero ndi ya malonda. Koma si malonda a pabenchi okha ayi. Ndi malonda amene alowa m'foni, pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok. Funso lake ndi limodzi. Wogula ali kutali. Katundu sanamuone ndi maso, sanamugwire ndi manja. Nanga chimene chimamulimbitsa mtima kuti atumize ndalama zake n'chiyani?

Tiyambe ndi msika umene aliyense akuudziwa.

Msewu wa M1 ukachoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu umayenda m'malire enieni a dziko. Pa Lizulu, tsidya lino la msewu ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique, m'chigawo cha Tete. Munthu akangowoloka tala, waponda dziko lina. Kumtunda kuno n'kozizira, ndipo mbewu zamasamba zimachita bwino. Mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi zimatsika m'mapiri n'kudzaunjikidwa m'mbali mwa msewu. Mwayi wina ndi wa malo. Ntcheu ili pakatikati pa Lilongwe ndi Blantyre. Chipisi chochuluka chimene chimakazingidwa m'ziwaya za m'mizinda iwiriyi chimachokera m'minda ya Ntcheu ndi Dedza.

Kwa zaka zambiri malonda a pamalowa ayenda motere. Galimoto ikaima, ogulitsa amathamangira. Wogula amatsika, n'kutola tomato, n'kumutembenuza. Amapisa dzanja m'ndowa ya mbatatesi kuti aone ngati ya pansi ikufanana ndi ya pamwamba. Kenako kunenerera kumayamba. "Tsitsaniko pang'ono, mayi." "Ayi bambo, feteleza wakwera." Akamvana, mayi uja amaponyapo tomato awiri atatu a pulayizi kuti kasitomala adzabwerenso. Akuluakulu anati malonda ndi m'maso. Pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off mawu amenewa akhala akugwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Tsopano tione chimene chasintha.

Choyamba kusintha ndi kayendedwe ka ndalama. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Kale, wopikula wa ku Limbe kapena wa ku msika wa Wakawaka ku Lilongwe ankayenera kulawirira yekha, ndalama atazimangirira m'chiuno. Lero akhoza kulipira ali pabenchi pake m'tauni. Mlimi amakangotapa kwa ejenti wapafupi. Foni ingakhale yamabatani, ndalama zimafika.

Chachiwiri ndi chithunzi. Mu 2017 WhatsApp inabweretsa Status, malo amene munthu amaikapo chithunzi n'kukhalapo tsiku limodzi. Chaka chotsatira kunabwera WhatsApp Business, yopangidwira amalonda ang'onoang'ono. Zinthuzi zinapangidwira kutali, koma zinapeza ntchito kuno kwathu. Wosoka zovala anapeza poonetsera madiresi. Kalipentala anapeza poonetsera mipando. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, anthu akuopa kuthithikana m'misika, ambiri anaphunzira kugula chinthu osasuntha pakhomo. Mliri unapita, koma chizolowezi chinatsala.

Chachitatu ndi thumba la wogula. Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya zinthu inakwera. Mafuta agalimoto akhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo ulendo uliwonse wakhala wodula. Motero wogula wa lero ndi wowerengera. Asanakwere basi amafuna adziwe mtengo. Asanatumize ndalama amafunsa kaye kwa ogulitsa atatu anayi. Zonsezi amachita ndi chala chimodzi, ali pampando.

Ndiye omvera, wogula wasintha. Maso ake saali pa Lizulu. Ali pa kagalasi ka foni. Kodi wogula wotereyu amafuna chiyani kwa wogulitsa wa ku Ntcheu? Amafuna zinthu zitatu. Chithunzi choona. Mtengo wapoyera. Yankho lamsanga. Tizitenge chimodzichimodzi.

Tiyambe ndi chithunzi choona.

Pali kachinyengo kakale kamene aliyense woyenda pa M1 amakadziwa. Mbatatesi ikuluikulu pamwamba pa ndowa, timbatatesi ting'onoting'ono pansi. Kachinyengo kameneka sikanafe. Kangosamukira m'foni. Wina amajambula thumba labwino la sabata yatha, n'kutumiza thumba lina. Wogulitsa kaunjika amajambula diresi mbali yosang'ambika yokha. Wina amatenga chithunzi cha bedi lokongola pa intaneti, n'kunena kuti wakhoma ndi iye. Wogula akalandira katundu, mpamene amakumbukira mwambi uja: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi wogulitsa wotereyu wapindula? Wapindula tsiku limodzi lokha. Pamsewu, wonyengedwa ankadandaula m'basi, n'kuiwala asanafike pa Zalewa. Pafoni si choncho. Wonyengedwa ali ndi umboni m'manja. Amajambula macheza onse, chithunzi chimene anatumiziridwa, ndi katundu amene walandira. Zonsezo amaziponya pagulu la WhatsApp la amayi anzake a bizinesi. Dzuwa lisanalowe, dzina ndi nambala ya wogulitsa uja zadziwika ku Ndirande, ku Zomba mpaka ku Area 25.

Wogulitsa wochenjera amachita mosiyana. Amajambula katundu wa tsiku lomwelo, panja, powala. Amakhuthula ndowa pa chiguduli, n'kujambula kanema kakafupi kuti wogula aone ya pansi ndi ya pamwamba. Amaika bokosi la machesi pambali kuti kukula kwa mbatatesi kudziwike. Ngati tomato wapsa kwambiri, amanena yekha. "Mayi, uyu ndi wophika lero ndi mawa, sangakhale sabata." Mawu amenewa akhoza kumutayitsa malonda a tsikulo. Koma mayi wa m'tauni uja sangataye nambala yake. Wapeza munthu amene angamutumizire ndalama mtima uli m'malo.

Chimenecho ndi choyamba, chithunzi choona. Tsopano chachiwiri, mtengo wapoyera.

Aliyense wotsegula Facebook anaonapo izi. Munthu waika chithunzi cha nsapato zokongola. Anthu akufunsa m'munsimo, "Zingati?" Yankho lake n'lakuti, "Bwerani ku inbox." Wina akafunsanso, yankho ndi lomwelo. N'chifukwa chiyani ogulitsa ambiri amabisa mtengo? Ena amaopa kuti mnzawo wogulitsa zomwezo atsitsa wake. Ena amati mitengo ikusintha msanga. Ena, tinene zoona, amafuna ayambe amuyeza wogulayo, kuti amene akuoneka wandalama amutchulire mtengo wina.

Koma taganizani za wogula. Bandulo yake ndi ya tsiku limodzi, ndipo ikutha. Ali ndi ogulitsa angapo oti asankhepo. Mmodzi walemba mtengo, enawo akuti alowe ku inbox. Kodi ayamba ndi uti? Ayamba ndi amene sanamubisire. Wogula akaona mtengo ukubisidwa, amaganiza kuti pali chimene chikubisidwanso.

Kulemba mtengo sikupha kunenerera. Munthu wa kuno adzanenererabe, ndipo ndi bwino kutero. Mtengo wolembedwa umangopereka poyambira.

Ndipo mtengo wapoyera ndi wokwanira, wosasiya mbali ina mumdima. Ndowa yake ndi iti, yaikulu kapena yaing'ono? Thumba lake ndi losokerera pamwamba kapena ndi thumba wamba? Nanga thiransipoti alipira ndani? Nanga yotapira? Mikangano yambiri ya malonda a pafoni imabuka pa tinthu timeneti. Wogula watumiza ndalama, akuganiza kuti watha. Kenako foni ikulira. "Bwana, simunaikepo yotapira." Ikuliranso. "Bwana, kondakitala akufuna yake." Ndalama zake zingakhale zochepa, koma wogula amamva ngati akudyeredwa masuku pamutu. Wogulitsa amene amanena zonse pachiyambi amapewa mkangano umenewu.

Chithunzi choona. Mtengo wapoyera. Tifike pa chachitatu, yankho lamsanga.

Tomato sadikira. Wogula nayenso sadikira. Mwini chiwaya ku Chirimba akatumiza uthenga m'mawa, ndiye kuti mbatatesi yamuthera. Akaona kuti uthenga wake wawerengedwa koma osayankhidwa, sakhala manja lende. Amaimbira wina. Wogulitsa akamadzayankha madzulo kuti "Ilipo bwana," amapeza malonda atapita kale.

Apa m'pofunika kunena mwachilungamo. Kuyankha msanga si kophweka kumudzi. Midzi yambiri ilibe magetsi. Foni imakatchajidwa pa sola kapena pa golosale, n'kukhala komweko theka la tsiku. M'zigwa zina netiweki imavuta mpaka munthu akwere pa chulu. Wogula wa m'tauni zimenezi sazidziwa. Ndiye wogulitsa wanzeru amamuuziratu. Amalemba kuti amapezeka pafoni m'mawa ndi madzulo. Amapereka nambala yachiwiri, ya mkazi wake kapena ya mwana wake wamkulu. Wogula akadziwa nthawi yoyembekezera, amadekha.

Yankho lake likhalenso laulemu. Anthu a ku Ntcheu amadziwika ndi ulemu, ndipo ulemu umenewo usathere pamsewu. "Zikomo mayi, uthenga wanu ndaulandira. Katundu alipo, ndikutumizirani chithunzi pompano." Mawu ochepa, koma wogula amamva kuti akulankhula ndi munthu. Amene kulemba kumamuvuta asachite manyazi. WhatsApp imalola kutumiza mawu olankhula. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu akhoza kufotokoza kabichi wake bwino lomwe, m'Chichewa chake, ndi mawu ake. Ogula ambiri amakhulupirira liwu la munthu kuposa zilembo.

Omvera, zitatu zija ndi zimenezo. Koma malonda sathera pa kulandira ndalama. Tsopano tikambe za ulendo wa katundu.

Katundu wochoka ku Ntcheu amayenda pa minibasi, pa basi, pa lole kapena pa kabaza. Wopita ku Blantyre amadutsa pa Chingeni, pamene magalimoto anayamba kulipira msonkho wa msewu mu 2021. Maola amene katundu ali panjira ndi amene mtima wa wogula umakhala m'mwamba. Ndalama zapita, katundu sanafike. Kodi wogulitsa angamuthandize bwanji? Ajambule thumba litalembedwa dzina. Ajambule nambala ya galimoto. Atumize nambala ya foni ya kondakitala ndi nthawi imene anyamuka. Katundu akafika, aimbe n'kufunsa, "Mwalandira bwino, bambo?" Ngati china chaphwanyika panjira, akambirane, ndipo ulendo wotsatira aonjezerepo. Pulayizi ija ya pamsewu isafe chifukwa choti wogula ali kutali.

Pali wogula wina amene amadalira zimenezi kuposa onse. Ndi mwana wa ku Ntcheu amene ali ku Joni. Amagwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town, koma mtima uli pa nyumba imene akumanga kumudzi. Ndalama amatumiza kudzera ku Mukuru kapena njira zina zotere. Simenti sangaione. Malata sangawagwire. Nkhani za anthu amene anatumiza ndalama zaka zambiri n'kudzapeza maziko okha ndi zodziwika m'midzi yonse. N'chifukwa chake wogulayu amafuna chithunzi cha lisiti, chithunzi cha katundu ali pangolo, ndi chithunzi cha khoma likukwera. Mwini hadiweya kapena mmisiri amene amatumiza zimenezi asanafunsidwe sapeza kasitomala mmodzi yekha. Anthu a ku Joni amakhala m'magulu, ndipo amapatsana manambala a anthu okhulupirika.

Chitsanzo china cha malonda a pafoni ndi cha chikhalidwe. Chaka ndi chaka Angoni a Maseko amasonkhana pa Nkolimbo ku mwambo wa Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V. Anthu amachokera m'mizinda ndi m'mayiko oyandikana nawo. Aliyense amafuna kufika atavala zachingoni. Wosoka zovala, wotunga mikanda ndi wokonza zikopa ali ndi msika wodziwika nthawi yake. Amene amayamba kuonetsa ntchito yake pafoni mwambo usanayandikire amalandira maoda akadali ndi nthawi yosoka. Amene amadikira tsiku lenilenilo amapeza alendo atavala kale.

Tsopano titembenukire kwa amalonda akuluakulu pang'ono. Malo ogona alendo a pa boma pa Ntcheu, masukulu oima paokha, ogulitsa mbewu ndi feteleza, eni mahadiweya. Ambiri a iwo ali ndi tsamba pa Facebook. Funso ndi lakuti, kodi mwini bizinesi anayamba walowapo pa tsamba lakelo ngati mlendo?

Tayerekezani munthu wochokera ku Mzuzu amene ali ndi msonkhano ku Ntcheu. Akufuna malo ogona. Wapeza tsamba. Chithunzi chomaliza chinaikidwa zaka zitatu zapitazo. Waimba nambala imene yalembedwapo, sikupezeka. Watumiza uthenga, palibe woyankha. Mtengo wa chipinda palibe. Njira yokafikira pamalopo palibe. Kodi mlendoyu aganiza chiyani? Aganiza kuti malowo anatsekedwa. Pamene mwini wake ali pakhonde, akudandaula kuti alendo sakubwera.

Mankhwala ake si odula. Nambala ikhale yogwira, ndipo pakhale munthu woiyankha. Nthawi yotsegulira ndi yotsekera ilembedwe. Njira ifotokozedwe mmene anthu a kuno amalondolerana, kuyambira pa depoti, pa msika kapena pa chipatala. Katundu akatha, chithunzi chake chichotsedwe, kuti munthu asawononge ndalama ya kabaza kudzafuna chinthu chimene palibe.

Mwini bizinesi akumbukirenso foni ya wogula. Yake ikhoza kukhala yamakono, koma ya kasitomala ndi yotsika mtengo, yodzaza kale, ndipo galasi lake ndi long'aluka. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha. Akawatumizira linki yopita kwina, sitsegula. Akawatumizira kanema wautali, amawamalizira bandulo asanaone n'komwe katundu. Zithunzi ziwiri zitatu zooneka bwino ndi mawu ochepa zimaposa zithunzi makumi awiri zotumizidwa nthawi imodzi. Ndipo chilankhulo chikhale cha wogula. Wogulitsa mbewu amene makasitomala ake ndi alimi a ku Kasinje ndi ku Bilira alembe m'Chichewa.

Nanga achinyamata a pa TikTok? Iwo atsegula njira ina. Mnyamata wometa tsitsi amajambula ntchito ya manja ake. Mtsikana wogulitsa kaunjika amatsegula belo pa kanema, anthu akuonera. Zimenezi zimakopa, chifukwa woonera amaona katundu ndi nkhope ya mwini wake. Koma pali msampha. Oonera ambiri si ogula ambiri. Kanema akhoza kuseketsa dziko lonse, koma ngati sananene malo, mtengo ndi nambala, m'thumba simulowa kanthu. Wamalonda asamawerenge amene aseka. Aziwerenga amene afunsa, amene agula, ndi amene abweranso.

Omvera, tsopano tifike pa mbali yowawa ya nkhaniyi. Msika uliwonse uli ndi mbava zake, ndipo wa pafoni ulinso nazo.

Wogula amaberedwa motere. Amaona katundu wotchipa modabwitsa. Wogulitsa amamufulumizitsa, kuti atumize theka msanga chifukwa ena akumufunanso. Akangotumiza, nambala ija imazima.

Wogulitsa nayenso amaberedwa. Amalandira uthenga wooneka ngati wa ndalama zimene zalowa, kapena chithunzi chosonyeza kuti walipiridwa. Amakweza katundu pa galimoto. Akapita kwa ejenti, amapeza mulibe kanthu. Ena amaimba ndi mawu achisoni, kuti atumiza ndalama molakwika, chonde abwezeredwe. Ena amanama kuti ndi ogwira ntchito ku kampani ya mafoni, n'kupempha nambala yachinsinsi.

Njira yodzitetezera ndi yachidule. Wogulitsa asakhulupirire uthenga kapena chithunzi. Ayambe waona yekha ndalama zimene zili mu akaunti yake, katundu asanachoke. Nambala yachinsinsi asapatse munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kampani. Wogula naye afunse kaye. Safunsa anadya phula. Kodi wogulitsayu ali ndi malo odziwika? Kodi alipo amene anagulako kwa iye? Kodi dzina limene likutuluka potumiza ndalama ndi lomwe iye anatchula? Poyamba agule pang'ono. Katundu akafika bwino, ulendo wachiwiri aonjezere.

Mbava zimenezi zimapweteka ngakhale amene sizinamubere. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mayi wa ku Blantyre akaberedwa kamodzi ndi munthu wonama kuti ali pa Lizulu, amaopa aliyense wa pa Lizulu. N'chifukwa chake amalonda oona asamabise wakuba pakati pawo. Magulu a alimi, makomiti a misika ndi mabanki m'khonde angathe kuchitirana umboni, kuti wogula wakutali adziwe amene ndi wodalirika.

Kodi lamulo likuti chiyani? Ena amaganiza kuti malonda a pafoni alibe lamulo. Si zoona. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Lilinso ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi milandu ya pa intaneti. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa kapena kugulitsidwa katundu woonongeka. Bungwe la MACRA limayang'anira makampani a mafoni. Kuyambira mu 2018, nambala iliyonse ya foni imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake. Munthu akaberedwa, asafufute mauthenga. Awasunge, adziwitse kampani ya foni msanga, ndipo akanene kupolisi.

Tisanamalize, pali anthu amene nkhaniyi isawaiwale. Ndi amene alibe foni yaikulu. Kafukufuku wa National Statistical Office ndi MACRA wa mu 2019 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 15 okha ndi amene ankagwiritsa ntchito intaneti. Chiwerengerocho chakwera, koma ochuluka akadali kunja, makamaka kumidzi, makamaka amayi. Ndipo amayiwa ndi amene amanyamula madengu pamsewu.

Kodi iwowa atsalire? Ayi. Pakhomo pamene pali mwana womaliza Fomu 4 amene ali ndi foni, ntchito ikhoza kugawidwa. Mayi amadziwa katundu ndi mitengo, mwana amadziwa kujambula ndi kutumiza. Kalabu ya alimi ikhoza kukhala ndi foni imodzi ya gulu, n'kusonkhanitsa matumba kuti akwane lole. Ngakhale foni yamabatani ili ndi phindu. Mlimi akaimbira m'bale wake ku Lilongwe n'kumva mtengo wa mbatatesi m'mawa umenewo, amakumana ndi venda akudziwa poima. Foni sichotsa mavenda, chifukwa galimoto ndi msika wa m'tauni zikadali m'manja mwawo. Koma imachepetsa umbuli umene mlimi ankaberedwa nawo.

Ndipo msika wa pamsewu sukufa. Mabasi adzaimabe pa Lizulu. Anthu adzatsikabe pa Tsangano Turn-off kudzatola kabichi. Kusiyana kwake n'kwakuti wogula amene waima lero akhoza kusanduka kasitomala wa chaka chonse. Zimangofunika kuti mayi wogulitsa uja, popereka pulayizi, anenenso kuti, "Tengani nambala yanga, bambo. Mukafuna wina, ndidzakukwezerani pa basi." Ambiri mwa makasitomala okhazikika a pafoni amayamba choncho, pamaso ndi pamaso.

Omvera, tibwereze mitu ya nkhani ya lero. Wogula wasintha, chifukwa ndalama zikuyenda pafoni, zithunzi zikuyenda pafoni, ndipo thumba lake lachepa mphamvu. Kwa wogulitsa wa ku Ntcheu iye akufuna chithunzi choona, mtengo wapoyera ndi yankho lamsanga. Akufunanso kudziwa pamene katundu wake wafika panjira. Mwini tsamba pa Facebook alowepo lero, aimbe nambala imene analembapo, aone ngati ikugwira. Wogulitsa aone ndalama mu akaunti yake katundu asanakwere galimoto. Woberedwa asunge mauthenga ndipo akanene kupolisi.